Mizere ya pa Ndodo za Bwana Sidik

A Newton Kamzati ali ndi matenda amodzi, ndipo chipatala chake kulibe: sangaone chitsulo n'kuchisiya mmene chilili. Kwawo ku Ntcheu, akadali mnyamata, ankalanda alongo awo mapoto n'kutsikira nawo kudambo kukakwecha ndi mchenga, mpaka tsiku lina poto wa ndiwo anachita kubooka, mayi awo n'kuwathamangitsa ndi chikuni. Njinga yawo inalibe mabuleki koma inkawala kuposa ya mphunzitsi wamkulu. Pamene ankabwera ku Joni, zaka makumi awiri zapitazo, matendawo anaoloka nawo malire osafunsidwa pasipoti.

Musawamvere chisoni, eni ake amanyadira. Kwa iwo dzimbiri ndi tchimo, ndipo munthu amene masupuni ake ndi akuda sangawauze za Mulungu. Mukawaona Lamlungu akudikira tekisi ya ku Daveyton, kumene ndi mkulu wa mpingo wa Amalawi, chimayamba kukufikani ndi chitsulo cha lamba wawo, munthu n'kumabwera pambuyo. Kumpingoko anatenga mbale ya chopereka n'kuikwecha mpaka dzina la mayi amene anaipereka linafufutika. Mayiyo analira. A Newton anadabwa kuti munthu angalire bwanji mbale ikuwala chonchija, ndipo mpaka lero amakhulupirira kuti inali misozi ya chimwemwe.

Zaka zoyamba anakhala ku Dukathole, kufupi ndi Germiston, mu mkhukhu, tija tinyumba ta malata ndi mapulanga tothithikana mwakuti mnzako akayetsemula iwe ndi amene umapukuta kumaso. Kumeneko ndi kumene akazi awo, a Tionge, anawapeza atachokera kumudzi ndi mwana wawo Faith kumsana. Chaka china m'nyengo yozizira sitovu ya parafini ya munthu wina inagudubuzika, moto unanyambita mzere wonse wa nyumba, ndipo a Tionge anathawa ndi mwana, bulangete ndi nsapato ya mwendo umodzi. Ataima paphulusa anauza amuna awo mawu amene sanawabwezepo: tsiku limene adzamve zoti tibwerere ku Dukathole, iwo adzakwera basi ya ku Malawi ndi mwana, ndipo banja lidzathera padepoti pomwepo. A Tionge si munthu wolankhula kawiri.

Ndiye mumvetse mmene a Newton anaigwirira ndi manja awiri ntchito ya kwa bwana Sidik. Bwanayu ndi mmwenye wa ku Benoni, mwini sitolo ya matailosi, munthu wa mimba yake ndi mawu ake. Anawalemba kuti azisamalira maluwa ndi kapinga, n'kuwapatsa kachipinda kuseri kwa galaja: ka njerwa, mpopi mkati, chimbudzi chamadzi, chitseko chokhoma ndi kiyi. Tsiku loyamba a Tionge anangoima pasinki n'kumatsegula ndi kutseka mpopi, osamwa, osatsuka kanthu. Pasanapite nthawi madamu Zuleikha, akazi a bwana, anawatenga kuti azithandiza kukhitchini, ndipo Faith anayamba sukulu yapafupi. Bwana amawaitana a Newton kuti iwe, mkulu wa mpingo wathunthu, koma iwo amameza. Kachipinda kameneko ndiko kagwira banja lawo, ndipo amadziwa zimenezo bwino lomwe.

Bwana Sidik amasewera gofu. Kunena zoona amapita ku gofu, zosewerazo tizisiye. Loweruka lililonse amanyamula chikwama cha ndodo zachitsulo n'kukatha tsiku akusakasaka kampira koyera m'tchire, m'madzi ndi m'maenje a mchenga. Mwa ndodozo muli zina zazifupi, zamutu wopendekeka, zimene amazitcha maweji. Ntchito yake ndi kutukula kampira kakakhala pafupi ndi dzenje kapena kakatitimira mumchenga, kuti kakwere m'mwamba, katere pakapinga wosalala n'kuima pomwepo. Chimene chimakaimitsa ndi timizere tozokotedwa pankhope ya weji, timene timaluma kampirako kuti kasathawe. Timizereto tikatha kampira kamatera n'kupitiriza ulendo wake, ndiye kuti wejiyo yatha, igulidwe ina. Kwa munthu wosewera Loweruka lokha zimenezi zimatenga zaka.

Zonsezi a Newton sankazidziwa, ndipo sanafunse. Munthu wodziwa kukwecha afunsenso chiyani? Loweruka loyamba bwana anaponya chikwama m'galaja n'kunena kuti, "Newton, uzitsuke izi." Atasolola weji imodzi, a Newton anachita kugwira pakamwa. Dzimbiri! Maweji ena amawapanga dala kuti azichita dzimbiri, osewera ena amakonda choncho, koma iwo anangoona manyazi a munthu wolemera wosowa womusamala. Dothi linali litadzaza m'timizere tija, timene mwa kuona kwawo anthu a kufakitale anachita ulesi kutisalaza. Anayamba ndi sopo, kenako sitiluwulu wa kukhitchini, kenako sandipepa amene anamupeza pashelefu. Patapita miyezi anatulukira kuti pabenchi m'galajamo pali makina onolera zikwanje, ndipo tsiku limenelo anaimba nyimbo ya m'buku kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza.

Maweji a bwana Sidik anayamba kuwala mwakuti ukanatha kumeterapo ndevu. Timizere tinkafupika mlungu ndi mlungu. Pakamatha miyezi inayi nkhope ya weji inkakhala see ngati supuni.

Bwana anayamba kubwera ku gofu akutukwana kuti kampira sikakuima. Anapita nayo weji kusitolo ya zida za gofu, ndipo wogulitsa anayendetsa chikhadabo pankhope yake, chikhadabocho osakodwa paliponse. Anayang'ana weji, anayang'ana mimba ya bwana, n'kukumbukira kuti iye anamulemba kuti azigulitsa.

"Bwana, inu ndiye mumalimbikira," anatero. "Zotere ndimaziona kwa akatswiri okhaokha, aja amakhalira kumenya mipira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa."

Basi, pamenepo ndiye anamuonongeratu munthu. Bwana Sidik anatuluka m'sitolomo ndi maweji atsopano, chifuwa chili patsogolo. Kuyambira tsiku limenelo patebulo la kukalabu ya gofu panalibenso nkhani ina. "Ine weji miyezi inayi, yatha. Manja angawa ndi oopsa." Akaluza, maweji atha. Akagula atsopano n'kuluzabe, sanawazolowere. Akamawazolowera, athanso. Munthu anapeza chifukwa choluzira cha chaka chonse, chobwera chokha osachifunafuna. Anzake anamupatsa dzina limene pa Chichewa tingati Chigayo, iye osaona kuti akumuseka, n'kukalisoketsa ndi ulusi wagolide pachikwama.

Maweji akutha ankapatsa a Newton. "Tenga, uzipherako njoka." A Newton ankawalandira mogwadira ngati mendulo, n'kuwapachika pakhoma la kachipinda mondondozana. Alendo a kumpingo akabwera ankayamba aona khomalo asanapatsidwe mpando. "Bwana wanga akaona ntchito yabwino sangothokoza pakamwa," ankatero. A Tionge anatengapo imodzi yokokera nsapato pansi pa bedi. Zinayenda choncho zaka ndithu, aliyense ali wokondwa, makamaka wa kusitolo uja.

Amene anasokoneza mtendere ndi Never, bambo wobadwira ku Zimbabwe koma agogo ake a ku Dedza, amene amanyamulira osewera zikwama kukalabu komweko. Anabwera Lamlungu lina kudzakambirana ndi a Newton za bungwe la maliro. Atalowa n'kuona khoma anaima chiimire. Anatsitsa weji imodzi n'kuipendeketsa pawindo.

"Mdala, izi ndi za Chigayo?"

"Za bwana Sidik, inde. Amazisamalira ndine."

"Mumazisamalira ndi chiyani?"

A Newton anamutengera kugalaja n'kumuonetsa sandipepa ndi makina aja, monga mmene munthu amaonetsera mlendo khola lake la ng'ombe. Never anaseka mpaka anakhala pansi pasimenti.

"Hayi, mdala! Eish! Ndiye Chigayo ndinuyo! Ife ku club timadabwa, munthu uja mpira amaumenya kamodzi, kawiri akumenya dothi, weji ingathe kanjani? Timizere iti ndiye weji yakeyo, mdala. Ndi mano ake. Inu mwakhala mukuigulula mano every Saturday. Mukudziwa kudula kwake zinthu zimenezi? Akangodziwa, uzohamba, sure."

A Newton Chizulu amangochimva mwa apo ndi apo, koma liwu loti uzohamba analimva bwino: kulongedza n'kumapita. Kumapita kuti? Anachita mantha enieni. Atabwerera kuchipinda khoma lija, limene m'mawa womwewo linali ulemerero wawo, linali umboni wopachika okha, mondondozana bwino kuti wapolisi asavutike. Anamuchonderera Never kuti asunge pakamwa. Never analonjeza, ndipo anasungadi, osati chifukwa cha chifundo ayi, koma chifukwa Chigayo akakhala wokondwa dzanja lake limakhala lopepuka kwa onyamula zikwama.

A Tionge atamva sanadabwe, poti amuna awo amawadziwa. "Ndiye lekani, bambo a Faith. Muzingopukuta ndi kansalu konyowa, basi."

Analekadi. Koma kuuza a Newton kuti apukute dzimbiri ndi kansalu n'kulisiya pomwepo ndi kuwazunza. Manja ankawayabwa. Anakwecha mpopi wa panja, anakwecha mahinji a geti, anakwecha mbale ya galu mpaka galuyo anayamba kuuwa mnzake amene ankamuona mmenemo, n'kumakana kudya. Loweruka akatsegula chikwama ankayang'ana kumbali ngati munthu wodutsa pamaso pa apongozi ake.

Apa ndiye panayambira mavuto enieni. Miyezi inayi inakwana, weji osatha. Miyezi ina inadutsa, timizere tili gwa. Bwana anayamba kulowa m'galaja m'mawa asanapite kusitolo, n'kumayendetsa chikhadabo pa weji, chikhadabocho n'kumakodwa. Kampira tsopano kankaima ndithu, koma kankaima pamene bwana wakamenyera, kutanthauza kutali ndi dzenje. Kuluza kunali komwe kuja, chimene chinasowa ndi chifukwa chake. Kukalabu anzake anayamba kumufunsa ngati Chigayo chazima ndi kuthima kwa magetsi, kapena ndi ukalamba. Bwana ankafika kunyumba nkhope ili ndii, kukalipira galu, geti, maluwa, kenako wothirira maluwawo.

"Newton, wayamba ulesi. Taona ndodo zangazi, ngati makasu okumbira manda! Kale zinkawala. Ngati watopa unene, ofuna chipinda chija ndi ambiri pageti apo."

A Newton anaona kuti njira zonse ziwiri zikutsikira ku Dukathole. Akakwecha, akuononga katundu wa bwana. Akasiya, ndi waulesi. Loweruka lotsatira anadziuza kuti angochotsa dzimbiri lokha, pamwamba pokha, pang'ono pokha. Tsoka lake manja a a Newton mawu oti pang'ono sawadziwa, ndipo anali ndi njala ya miyezi yambiri. Pomwe ankazindikira makina aja anali akulira, iwo ali pandime yachitatu ya nyimbo. Mlungu winawo bwana sanapite n'komwe ku gofu chifukwa cha msana, koma a Newton chikwama anachitsegulabe. Bwana atachira n'kuyendetsa chikhadabo, chinatsetsereka mpaka kumapeto. Analowa m'nyumba akuimba mluzu, n'kulengeza patebulo kuti akufunika maweji atsopano.

Madamu Zuleikha sasewera gofu, koma mutu wawo umagwira. Anadabwa kuti chitsulo chimene chinakana kutha pafupifupi chaka chatha bwanji mwini wake ali chigonere ndi botolo la madzi otentha pamsana. Sanafunse munthu. Anatenga weji ija n'kupita nayo, osati kusitolo kwa wokamba zokoma uja, koma kwa mkulu wina wokonza ndodo za gofu ku Boksburg, amene analibe choti awagulitse.

Masana a tsiku lotsatira anaitana onse pakhonde la kuseri. Patebulo panali weji, pambali pake chidutswa cha sandipepa wakutha chimene anachitola m'galaja. Bwana anakhala pampando, a Newton anaima chipewa chili m'manja, a Tionge anali pakhomo la khitchini ndi kansalu kopukutira mbale.

"Wokonza ndodo akuti iyi sinathe ndi mpira," anatero madamu. "Akuti yachita kupalidwa ndi sandipepa ndi makina, ndipo akuti wopalayo ndi waluso. Zaka zonsezi, Sidik, wakhala ukugula maweji kuti wothirira maluwa aziwanola ngati mipeni. Ine ndikufuna kiyi wa chipinda chija mwezi uno ukamatha."

A Newton anatsegula pakamwa kuti avomere, chifukwa pa zonse zimene anthu amawanenera, ndipo ndi zambiri, bodza palibe anawanenerapo. Koma bwana anakweza dzanja kuti akhale chete.

Bwanayo anatenga weji n'kuiyang'ana nthawi yaitali. Munthu wogulitsa matailosi amadziwa mmene sandipepa amayendera pachinthu. A Newton anaona ndi maso awo nkhope ya bwana ikuzindikira, kenako ikufiira, kenako ikupita kutali: kutebulo la kukalabu, kudzina la ulusi wagolide pachikwama, kuzaka zonse za manja oopsa. Wantchito akachotsedwa amatuluka ndi pakamwa pake. Pofika Loweruka Benoni yense akanadziwa kuti Chigayo chenicheni chimavala magambutsi n'kumadulira maluwa.

"Zamkutu!" Bwana anamenya tebulo mpaka sandipepa anadumpha. "Wokonza ndodo wakoyo akudziwa chiyani? Ndi mchenga umenewu! Ine ndikamenya mumchenga chitsulo chimalira. Sandipepa uyu Newton amapalira geti. Si choncho, Newton? Wauze madamu. Amatha maweji pakhomo pano ndani?"

A Newton anayang'ana weji ija. Inali ntchito yabwino koposa zonse zimene anagwirapo pamoyo wawo, yosalala mofanana kuyambira uku mpaka uku, mitambo ikuoneka mmenemo. Kunama kunkawawa, inde, mkulu wa mpingo kunama masanasana pamaso pa mkazi wake. Koma ndikuuzeni zoona: chimene chinkawawa kwambiri n'chakuti ntchito yokongola chonchi aipereke kwa munthu amene sadziwa ndi kagwiridwe ka sitiluwulu komwe. Wokonza ndodo wa ku Boksburg, munthu wosawadziwa, anali atati waluso, ndipo iwo ankayenera kukana kuti si iwo.

Anayang'ana pakhomo la khitchini. A Tionge sanaphethire. Ankangopinda kansalu kaja bwinobwino, m'mbali mofanana, mmene amapindira zovala munthu amene akulongedza ulendo.

"Ndinu, bwana," anatero a Newton. "Manja anuwo ndi oopsa."

Madamu Zuleikha anayang'ana amuna awo, anayang'ana a Newton, kenako anayang'ana a Tionge nthawi yotalikirapo. Anasekera m'mphuno. "Awiri inu mukuyenerana," anatero kwa abambo awiriwo, n'kulowa m'nyumba. Za kiyi sanazitchulenso.

Loweruka lotsatira bwana anapita ku gofu ndi maweji atsopano, analuza monga mwa masiku onse, n'kuuza anzake kuti sanawazolowere. Atafika kunyumba anaika chikwama m'galaja, osaponya, kuchita kuika, ndipo bwanayo sanawayang'ane a Newton kumaso. M'thumba la chikwamacho, mmene mumakhala timipira, a Newton anapezamo paketi ya sandipepa watsopano, wosatsegula, wa mtundu wabwino.

Anakhala pabenchi weji ili pamiyendo. Timizere tinali tatsopano, takuthwa, tolunjika, totalikirana mofanana, ndipo kwa nthawi yoyamba anaona kuti pali munthu wina kwinakwake amene anatizokota mosamala, munthu wonyadira ntchito yake ngati iwo omwe. Anamumvera chisoni munthu ameneyo, n'kudzimveranso chisoni okha. Zaka zonsezi ankaononga akuimba, chifukwa sankadziwa. Tsopano nyimbo inakana kutuluka, ndipo mawa lake inali nthawi yawo yowerenga mawu kumpingo.

A Tionge analowa ndi tiyi n'kuika pabenchi. Anasuzumira panja kuona ngati madamu ali pafupi, kenako anatsitsa chitseko cha galaja mpaka pansi.

"Mukudikira chiyani, bambo a Faith?"

"Ndikuononga chinthu chabwino, mayi a Faith. Pano ndikudziwa."

"Ndiye muziononga mwaulemu. Pang'onopang'ono, izifika miyezi yake ngati kale, madamu asadabwenso. Makinawo musayatse, amasokosa." Anang'amba okha paketi ija, n'kuwaika sandipepa m'manja, n'kuwapindira zala. "Yambani ndi yaifupiyo."